Handulo Imene Inatsekera Apongozi Anga M'galimoto

Lachitatu lapitali apongozi anga anakhala m'galimoto yanga kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo. Sikuti anaikonda. Chitseko chinakana kutseguka. Ndipo munthu amene anachititsa zimenezi akuyendabe mwaufulu pano pa boma, ovolosi yake ili noninoni ndi oilo, anthu akumutchulabe kuti Injiniya.

Khalani pansi, abale, ndikufotokozereni mwadongosolo. Ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka chokha, koma phunziro lolemba lipoti linandipeza ndisanachoke.

Galimoto yanga ili ndi zitseko zinayi. Zimenezo ndi za pa pepala. Pa ntchito yeniyeni chitseko chilichonse chili ndi malamulo ake. Cha dalaivala handulo yakunja inathyoka kalekale, ndiye ndimasiya galasi lotsitsa pang'ono n'kupisa dzanja, ngati ndikuba galimoto yanga yomwe. Chakumbuyo kumanja anachiwotcherera mwini wake woyamba, ndi khoma chabe lokhala ndi windo. Chakumbuyo kumanzere ndicho chinali mwana wabwino: kunja chimatseguka mosavuta, ngakhale m'kati sichitseguka chifukwa kaloko koteteza ana kanakakamira. Chotsala ndi chakutsogolo kumanzere, kumene amakhala mayi a Tadala, akunyumba kwanga. Chimenecho chinali chathunthu mpaka sabata yatha, pamene handulo yake yakunja inatsalira m'manja mwa mlimi wina wa fodya amene ndinamutenga pa msewu.

Mlimiyo sindimuda. Manja ozolowera kukunga mabelo sadziwa kuti pulasitiki ndi chiyani. Iye anakoka ndisanatsegule loko, ndiye atamva kuti chalimba anaganiza kuti chikufuna mphamvu. Kunangomveka kuti phwa. Anandipatsa handuloyo ndi manja awiri, mwaulemu, ngati akupereka chopereka.

Inu a magalimoto mukudziwa zimene ndikunena. Yendani pa depoti ya mabasi muone. Wina wamanga waya, wina chingwe cha nsapato, wina ndinamuona ndi maso angawa akutsegulira chitseko ndi chigwiriro cha supuni. Amene amapanga mahandulo amenewa sanaimepo pa dzuwa la Kasungu mwezi wa Okutobala. Chitsulo chinawalakwira chiyani? Galimoto yonse ndi chitsulo, koma pamalo pokhapo pamene munthu amakoka tsiku ndi tsiku anati apa tiyikepo pulasitiki wa chidebe.

Ndikanatha kumangapo waya ngati anzanga. Koma kunabwera uthenga wochokera ku Simlemba, kumudzi kwa apongozi. Apongozi analandira kuponi ya feteleza wotsika mtengo, koma ku msika wakwawo kunalibe ngakhale thumba limodzi. Kunamveka zoti lole ya feteleza yatsitsa ku depoti ina pano pa boma, ndipo ayamba kugulitsa Lachitatu. Mvula inali itagwa kale, chimanga chitamera. Aliyense akudziwa kuti lole imodzi siyigona. Ukachedwa, utsala ndi pepala m'manja, mavenda akukuzungulira ngati akhwangwala.

Mayi a Tadala anati mpata ndi umenewu. Kwawoko mbiri yanga ndi yaifupi: mkamwini amene anapita ku koleji n'kubwerako ndi tayi yekha. Galimoto ndiyo inali satifiketi yanga. Ndikawatenga apongozi pakhomo pawo, anthu akuona, n'kuwabweza madzulo ndi matumba awiri m'buti, nkhani ya koleji itha yokha.

Ndiye Lolemba m'mawa ndinapita ku galaja ya Injiniya, ija ili kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Ndinamuuza zonse momveka. Ndikufuna handulo yatsopano kutsogolo kumanzere, Lachitatu ndili ndi ulendo wolemekezeka. Anazungulira galimoto akukoka chitseko chilichonse ngati dokotala wogogoda mawondo. Atafika chakumbuyo kumanzere ndinamuuza monyadira kuti chimenecho asavutike nacho, handulo yake ndi yabwino zedi.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Panthawiyo ndinkayesa kuti akuvomereza. Pano ndadziwa kuti ankalemba m'mutu.

Anati mahandulo a mtundu umenewu ndi osowa, koma iye ali ndi munthu wake ku Lilongwe amene atumiza pa minibasi ya masana. Anati yoyambirira yeniyeni, osati zija zothyoka ukangoziyang'ana. Mtengo K7,000, kuika ndi konse. Ndinapempha lisiti, anati buku latha, koma iye ndi munthu wopemphera. Ndinasiya galimoto, ndinasiyanso handulo yothyoka ija pa mpando.

Madzulo ndinapeza galimoto itatsukidwa. Apa mpamene ndikanayenera kuchita mantha. Makaniko akakutsukira galimoto osamupempha, dziwa kuti pali maliro. Handulo yakutsogolo inali pamalo pake, yonyezimira. Ndinakoka, chitseko chinatseguka. Ndinakokanso, chinatsegukanso. Injiniya anati ndisaitopetse. Ndinamuthokoza mpaka kumugulira chakumwa choziziritsa kukhosi.

Lachitatu tinafika ku Simlemba kusanache bwino. Azimayi a m'mudzimo anali ataima kale pa msewu ndi makuponi awo, kudikira lole ya matola. Ine ndinawadutsa pang'onopang'ono, chigongono pa windo, n'kukaima pakhomo penipeni pa apongozi.

Tsono ine ndi apongozi timalemekezana mwachikale. Sitiyang'anana kumaso. Tikakumana pa njira, wina amapatukira kutchire, ndipo kawirikawiri ndimakhala ine. Chiyambire ukwati sanandiyankhulepo mwachindunji. Ngakhale tili chipinda chimodzi, mawu awo amadzera mwa mwana wawo: auzeni bambo a Tadala zakutizakuti. Inenso ndimayankha momwemo. Ndiye za mpando panalibe zokambirana. Apongozi sangakhale kutsogolo, phewa ndi phewa ndi mkamwini, dzanja langa likusintha magiya pafupi ndi bondo lawo. Malo awo ndi kumbuyo kumanzere. Ngakhale kagalasi koonera kumbuyo ndinakapotolera kudenga kuti maso athu asakumane mwangozi.

Mayi a Tadala anawatsegulira. Handulo inalira kuti tsee, koma chitseko chinatseguka. Analowa, anakhala, anakonza chitenje, chikwama pa miyendo. Podutsanso pa gulu la azimayi aja anakweza dzanja pang'ono, ngati mkazi wa nduna. Ulendo wonse unayenda bwino. Anauzanso mwana wawo kuti auzeni bambo a Tadala akuyendetsa mwanzeru. Mawu amenewo ndinawasunga, chifukwa ndi okhawo abwino amene ndinamva tsiku limenelo.

Tinafika ku depoti cha m'ma 7 koloko. Mzere unalipo koma unali wopirika. Zitseko anali atangotsegula, matumba akuoneka m'kati mpaka kudenga. Ndinatsika, ndinazungulira galimoto maso ali pansi, ndinagwira handulo yakumbuyo ndi ulemu wonse.

Inabwera nane.

Chitseko chinatsala pomwepo.

Ndinaima ndi handulo m'manja. Apongozi anayang'ana kutsogolo. Ine ndinayang'ana handulo. Ndipo ndinaizindikira, abale, monga mmene munthu amazindikirira mbuzi yake pa msika. Mng'alu womwe uja wa mlimi wa fodya. Kuseri kwake kunali guluu wouma ndi kawaya kopyapyala kamene anamangira. Injiniya sanaitanitse kanthu ku Lilongwe. Anachotsa handulo yanga yabwino kumbuyo n'kuiika kutsogolo, yothyokayo anaimata n'kuiika kumbuyo, zonse anazipukuta ndi polishi.

Tsopano werengani nane. Kunja handulo palibe. M'kati kaloko ka ana kanakakamira, ndipo kalokoko kamakhala m'mphepete mwa chitseko, kuti ukafikire mpaka chitseko chitseguke. Chitseko chinacho ndi khoma. Galasi lakumbuyo limatsika theka lokha. Njira inatsala imodzi: kukwera pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, mutu patsogolo, miyendo pambuyo.

Mayi a Tadala anawafotokozera zimenezi motsitsa mawu. Apongozi anayang'ana kunja. Panali chinamtindi cha anthu, akabaza, mavenda, ndi akuluampingo awiri a kwawo amene anagona pa boma pomwepo. Yankho linali lalifupi.

"Yayi."

Ndinatuma mayi a Tadala kuti akaime pa mzere ndi kuponiyo. Anabwerako mwamsanga. Kalaliki anati mwini kuponi afike yekha ndi chitupa chake, aonedwe nkhope. Ndinapita ndekha kukadandaula kuti mwini wakeyo alipo, nkhope yake ikuoneka bwinobwino pa windo, angotuluka panja aione. Anati iye sachoka pa tebulo. Ndinafunsa mlonda ngati ndingaimike galimoto pa mzere, izisuntha pamodzi ndi anthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifunsa ngati ndinapitako ku sukulu.

Panthawiyi galimoto inali itazunguliridwa ndi akatswiri. Aliyense wa kabaza anali ndi nzeru. Wina anapisa sipoko, wina anati tigwedeze galimoto, wina anati tiitembenuze. Wina anaweramira pa windo n'kunena kuti amayi musadandaule, ngakhale kundende amatulutsa. Anthu anaseka. Apongozi anatulutsa kansalu m'chikwama n'kudzipukuta pamphumi mwakachetechete. Kenako lole ya matola ija inafika, azimayi a kwawo aja akutsika mmodzimmodzi, fumbi lili mbuu m'mutu. Aliyense ankadutsa pa windo kupereka moni. Mwafika kale? Mwagula kale? Bwanji simukutsika?

Ndinaliza injini. Ndinati amene anamanga ndi amene amasule.

Ku galaja tinapeza Injiniya kulibe. Anzake anati wangotuluka pang'ono kukayesa galimoto ya kasitomala. Foni yake inali kulira pa shelefu. Tinadikira. Dzuwa linakwera. Ndinaimika galimoto pansi pa kamtengo kokhako kamene kali pamenepo, mthunzi wake wokwana mbuzi imodzi. Mayi a Tadala ankawapepesa amayi awo ndi katoni kudzera pa theka la windo. Apongozi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ija amaimba poperekeza maliro.

Injiniya anafika cha m'ma 10 koloko akutafuna chinangwa. Galimoto ya kasitomalayo inali itadzaza matumba a makala. Ndinamuonetsa handulo. Anaitembenuza uku ndi uku ngati sanaionepo, n'kunena kuti vuto la ife eni magalimoto ndi kukoka mwaukali. Ndinamuonetsa guluu. Anati guluu ameneyo ndi wochokera kufakitale. Ndinamuonetsa waya. Apa anameza chinangwa.

Anandifunsa kuti kodi ndinabwera kudzafuna handulo ya chitseko chiti. Ndinati chakutsogolo. Anapita, anakoka, chinatseguka. Anafunsa ngati ilipo kapena palibe. Ndinati ilipo, koma ndinalipira yatsopano. Anati kwa chitseko chimenecho ndi yatsopano, sichinayambe chakhalapo nayo. Za K7,000 anati ndi za luso, chifukwa si aliyense angachotse handulo kumbuyo n'kuikwanitsa kutsogolo.

Ndinamufunsa kuti nanga kumbuyoko ankaganiza kuti kudzalowa ndani. Anaseka ngati ndafunsa zachibwana.

"Bwana, munati ulendo wolemekezeka. Munthu wolemekezeka amakhala kutsogolo. Kumbuyo n'kwa ana ndi nkhuku."

Galasi linali lotsitsa theka. Nyimbo ija inasiya.

Sindinatembenuke kuti ndione nkhope ya apongozi, mwambo sundilola, koma ndinaona nkhope ya Injiniya pamene anawaona. Anavula chipewa. Anati pepani amayi, sindimadziwa kuti muli anthu. Apongozi anauza mwana wawo kuti awafunse bambowo ngati ali ndi apongozi, ndipo ngati ali nawo, amawakhazika pati. Injiniya anati akazi ake ndi a m'tauni, amayi awo amakhala kutsogolo n'kumasintha okha wailesi. Ndiye vuto lonse ndi limenelo. Munthu wakhala pa Kasungu zaka zonsezi, akudya ndalama za alimi a kuno, koma sadziwa kumene apongozi amakhala m'galimoto.

Injiniya anati tisadandaule, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Anapisa waya m'mphepete mwa galasi, anavundula, anavundula, waya anatsalira m'katimo. Anati pakufunika chida china chimene anabwereka mnzake wa ku msika, anatuma munthu. Munthuyo sanabwere. Anati njira ina ndi yoti iye alowe akhale pambali pa amayiwo n'kukanganula chikuto cha chitseko, koma ayenera kuwagonera pa miyendo pang'ono. Mayi a Tadala sanavutike n'kutanthauzira. Yankho tinalimva tonse.

Kenako anayamba kundiuza za mwayi. Anati pali galimoto ina ya mtundu womwewu kuseri, mwini wake ali ku Lilongwe, sabwera msanga, ndiye chitseko chikangotseguka atha kundibwerekera handulo yake. Ndinapita kukaiona. Inali itatsala ndi handulo imodzi. Ndiye ngati muli ku Lilongwe ndipo munasiya galimoto yoyera kuseri kwa matabwa, thamangani.

Dzuwa litafika paliwombo, apongozi anatsokomola. Anauza mwana wawo kuti auze amuna onse a pamalopo, kuyambira bambo a Tadala, kuti ayang'ane kukhoma.

Tinayang'ana kukhoma. Ine, Injiniya, amakaniko anzake, wowotcherera, kasitomala wina amene anangobwera kudzapopetsa tayala, ngakhale wogulitsa chinangwa. Tonse ndondondo, mphuno ku njerwa, ngati ana ochedwa ku sukulu. Kumbuyo kwathu mayi a Tadala anagoneka mpando wakutsogolo, anatchinga ndi chitenje. Kunamveka mpando kulira, hutala inalira kamodzi, kenako nsapato inagunda pansi. Palibe anatembenuka. Injiniya anandinong'oneza kuti mwaona, handulo yakutsogolo ija yathandiza. Mulungu yekha ndi amene anagwira dzanja langa.

Pamene tinaloledwa kutembenuka, apongozi anali kale pa kabaza, msana uli chilili, akulowera ku depoti. Ife tinawatsatira pambuyo pang'onopang'ono.

Tinapeza zitseko zotseka. Feteleza anali atatha kalekale. Azimayi a kwawo aja, amene tinawasiya pa msewu mbandakucha, anali atakhalira matumba awo pa mthunzi, akudya mandasi. Anawasunthira apongozi kuti akhale nawo. Venda wina anabwera kudzafunsa ngati kuponiyo akugulitsa. Apongozi anaipinda bwinobwino n'kuibwezera m'chikwama. Pobwerera anakwera lole ya matola, atakhalira thumba la mnzawo. Ine ndinawatsegulira chitseko chakutsogolo, n'kulonjeza kudzera mwa mwana wawo kuti ndiyendetsa nditayang'ana kumanja njira yonse. Anangondidutsa.

Chimanga chawo chayamba kuchita chikasu. Kuyambira Lachinayi ndakhala ndikututa manyowa kuchoka ku khola la alamu anga kupita ku munda wawo, m'buti ya galimoto yomweyo. Buti yokha ndiyo imatseguka popanda msonkhano. Palibe amene anandituma. Mkamwini amadziwa yekha.

Tsono Injiniya, ndikudziwa kuti anyamata ako amawerenga tsamba lino, akuwerengere mokweza. Ndikufuna handulo yatsopano, ya m'pepala lake, ndiitsegule ndekha. Ndikufuna waya wako umuchotse m'chitseko changa, akulira ngati njoka ndikamadutsa pa mabampu. Ndipo undiyankhe pamaso pa anthu: munthu wako wa ku Lilongwe uja dzina lake ndani? Minibasi ya masana ija inafika nthawi yanji? Ngati zimenezi zakukanika, khasu lilipo, manyowa akadalipo ambiri, ubwere ndi ovolosi yomweyo.

Inu anzanga a magalimoto, mukamachoka pa galaja musamangoyesa chimene munakonzetsa. Kokani chitseko chilichonse, kunja ndi m'kati, mwini galaja akuona. Werengani mahandulo polowa, muwerengenso potuluka. Ndipo musadzayerekeze kuuza makaniko kuti chakutichakuti n'chabwino. Mukumulozera sitolo.

Dzulo kunamveka zoti feteleza wina afika ku msika wa kufupi ndi kwawo sabata yamawa. Ndinatuma mayi a Tadala kuti akanene kuti galimoto ilipo, ndidzafika usiku usanathe, ndipo chitsekocho ndidzachichotseratu ngati n'kofunika. Abwerako lero ndi yankho. Akuti auzeni bambo a Tadala asavutike, tapangana kale ndi mwini ngolo.

Ndinafunsa kuti ngolo ingapose bwanji galimoto.

Akuti ngolo ilibe chitseko.